Bambo a zaka 76 ali ndi khansa ya m'kamwa: kodi apirira radiotherapy ndi chemotherapy pamodzi?

Funso: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 76. Awapeza ndi khansa ya pa lilime, ndipo akuti ili pa siteji 4 chifukwa yalowa m'anabere a m'khosi, ngakhale m'mapapo mulibe kanthu. Madokotala akuti opaleshoni yake ndi yaikulu, bambonso akukana kudulidwa lilime. Ndiye atiuza za radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza cha makina) ya masabata 7 pamodzi ndi chemotherapy (kemo, mankhwala opha maselo a khansa). Bambo amamwa mankhwala a BP, khutu limodzi silimva bwino, ndipo sikelo yawo yatsika ndi makilogalamu 6 m'miyezi itatu. Kubanja tagawikana. Ena akuti tiyese zonse, ena akuti munthu wamkulu chonchi tingomuzunza. Titani?

Yankho: Pepani kwambiri ndi matendawa. Ndikuuzirenitu maganizo anga, kenako ndifotokoze kumene achokera. Malinga ndi zimene mwalembazi, bambo anu sayenera kusiyidwa opanda chithandizo chifukwa cha zaka zawo. Koma chemotherapy yamphamvu imene imaperekedwa kawirikawiri, ya mankhwala otchedwa cisplatin, ndikuiopa pa iwo, ndipo zifukwa zake mwazitchula nokha m'kalata yanu. Mawu omaliza adzakhala a bambowo pamodzi ndi madokotala amene ali ndi zotsatira za magazi ndi masikani awo m'manja. Ine ndikufuna mukalowe m'chipinda cha dokotala mukudziwa zoti mufunse.

Mawu oti "siteji 4" amafoola mabanja ambiri. Pa khansa ya m'kamwa siteji imeneyi ili patatu: 4A, 4B ndi 4C. Ndi 4C yokha imene imatanthauza kuti matenda afika kutali, monga m'mapapo, m'chiwindi kapena m'mafupa. Ziwiri zoyambazo zimatanthauza kuti chotupa chakula n'kulowerera m'ziwalo zoyandikana nacho, kapena chafika m'anabere, koma zonse zikadali m'mutu ndi m'khosi. Pamenepo madokotala amathabe kulimbana nayo ndi cholinga chochiritsa. Mwayi wake ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa munthu amene anapezeka matenda akungoyamba, koma ulipo ndithu.

Musanafike pa nkhani ya kemo, bwererani kaye ku opaleshoni ija. Funsani kuti chotupacho chili mbali iti ya lilime. Mbali yakutsogolo, imene imaoneka munthu akatulutsa lilime, timaiwerengera m'kamwa. Tsinde lake, kumbuyo kwenikweni, timaliwerengera kummero. Khansa ya kutsinde imamva radiotherapy bwino, makamaka ikakhala yoyambitsidwa ndi kachilombo ka HPV. Ya kutsogolo kwa lilime, ya pansi pa lilime, ya m'masaya ndi ya m'nkhama simva chimodzimodzi, ndipo njira imene imachiritsa anthu ambiri ndi kuichotsa ndi opaleshoni, kenako n'kuwotcha pamalopo. Palinso vuto la fupa la nsagwada, lomwe lili pomwepo ndipo likalandira cheza chambiri limatha kufa. Choncho ngati bambo akukana poganiza kuti lilime lonse lichoka, akhale pansi ndi dokotala wa opaleshoniyo awalozere mbali yeniyeni imene ingachotsedwe. Nthawi zina limakhala theka lokha, ndipo amatenga khungu ndi mnofu wa pamkono kapena pantchafu n'kudzatseka pamene pachotsedwapo. Ambiri amadzalankhulanso zomveka ndi kumeza. Akamva zonsezi n'kukanabe, kukana kwawoko kulemekezedwe. Chimodzimodzinso ngati chotupa chazinga mtsempha waukulu wa m'khosi, kapena mtima wawo sungapirire maola ambiri ali m'tulo ta opaleshoni. Zikatero radiotherapy ndiyo imasenza udindo wochiritsa.

Kuwotchako kumayenda motere. Tsiku lokonzekera amawagoneka chagada, n'kutenga pulasitiki ya timabowo tambirimbiri imene yafewetsedwa m'madzi ofunda, n'kuiyala kumaso mpaka m'mapewa. Pakapita mphindi zochepa imauma n'kukhala chigoba chofanana ndi nkhope yawo. Tsiku lililonse amachimangirira ku bedi la makina kuti mutu usasunthe, chifukwa cheza chimalunjikitsidwa mosaphonya ndi mamilimita omwe. Munthu amapuma bwinobwino, amamva ogwira ntchito akumulankhula, ndipo makina akamazungulira samva kuwawa kapena kutentha kulikonse. Zonse zimatha m'mphindi 15 kapena 20. Okalamba ena amachita mantha ndi chigobachi masiku oyamba, ndiye anene, pali mankhwala ochepetsa nkhawa komanso amatha kuboola malo a maso. Mlingo wochiritsira ndi ma Gray 70 (Gray ndi muyezo wa kuchuluka kwa cheza) ogawidwa m'masiku 35, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 7. Amagawa chonchi chifukwa pakati pa tsiku ndi linzake maselo abwinobwino amadzikonza bwino kuposa a khansa. Kusiyana kwakung'onoko kukaunjikana masiku 35, chotupa chimafa minofu yabwino n'kupulumuka.

Tsono mvetsetsani apa, pakuti yankho langa lonse lagona pamenepa. Khansa yamtundu uwu ikayamba kuwotchedwa, maselo amene atsala amayamba kuchulukana mothamanga kuposa kale, makamaka kuchokera m'sabata yachinayi. Tsiku lililonse limene wodwala wadumpha n'kutalikitsa masabata 7 aja limachotsa pafupifupi 1 peresenti pa mwayi woti chotupacho chitheretu. Sabata imodzi yogonekedwa m'chipatala osawotchedwa, chifukwa impso zakanika kapena chibayo chalowa, ingathe kudya phindu lonse limene kemo imayenera kubweretsa. Mwini ulendo ndi radiotherapy, kemo ndi woperekeza, ndipo woperekeza akayamba kuchedwetsa ulendo amabwezedwa.

Phindu la kemoyo linayezedwa bwino lomwe. Ntchito ya cisplatin pano ndi kulepheretsa maselo a khansa kudzikonza akavulazidwa ndi cheza. Mwachizolowezi amaperekedwa pa diripi katatu, tsiku loyamba, la 22 ndi la 43, pa mlingo wa mamiligalamu 100 pa sikweya mita iliyonse ya thupi. Ofufuza a ku Gustave Roussy ku France, motsogozedwa ndi Jean-Pierre Pignon, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 93 wokhudza odwala oposa 17,000 a khansa ya m'mutu ndi m'khosi, n'kuzifalitsa mu 2009. Ntchito imeneyi imadziwika ndi dzina loti MACH-NC. Anapeza kuti kupereka kemo nthawi imodzi ndi radiotherapy kumawonjezera anthu 6 kapena 7 pa 100 alionse amene amakhala moyo pakatha zaka 5. Limeneli ndi phindu lenileni, n'chifukwa chake njirayi inakhazikika padziko lonse. Koma atawagawa odwalawo potengera zaka, anaona kuti phinduli limacheperachepera munthu akamakula, ndipo kwa opitirira zaka 70 silinaonekenso.

Anthu ena amangoimira pomwepo n'kunena kuti wopitirira 70 asapatsidwe kemo, basi. Ine sindiwerenga choncho. Okalamba m'kafukufukuyu anali ochepa kwambiri, popeza ambiri mwa mayesowo sankalandira anthu opitirira zaka 70. Komanso okalamba amene analowamo ambiri anamwalira ndi matenda ena, a mtima ndi a mapapo, zimene zimabisa phindu lililonse pa khansayo. Pambuyo pake ofufuza anayang'ana m'mabuku a zipatala za ku America ndi ku Ulaya n'kupeza kuti okalamba amphamvu zawo, opanda matenda ena aakulu, amaoneka kuti amapindula. Koma umboni wotere uli ndi chilema chake: dokotala amasankhira kemo anthu amene ndi olimba kale, ndiye n'zosadabwitsa kuti amakhalitsa. Pamene ine ndaima ndi apa. Kwa munthu wa zaka 55, kemo imaperekedwa pokhapokha patapezeka chifukwa choileka. Kwa munthu wa zaka 76, isaperekedwe mpaka patapezeka umboni woti thupi lake liikwanitsa.

Ngati bambo atasintha maganizo n'kuchitidwa opaleshoni, nkhani ya kemo imafupika. Kafukufuku awiri amene anatuluka mu 2004, wina wa ku Ulaya wina wa ku America, ataunikidwa pamodzi anasonyeza kuti pambuyo pa opaleshoni cisplatin amathandiza kwenikweni pa zinthu ziwiri: khansa ikapezeka m'mphepete mwa mnofu umene wadulidwa, kapena ikaboola khungu la mwanabere n'kutulukira kunja. Zimenezi zikapanda kupezeka, radiotherapy yokha ya ma Gray 60 mpaka 66 imakwana, ndipo iyambe pasanathe masabata 6 chichitikireni opaleshoni.

Umboni woti thupi likwanitsa umapezeka poyeza. Pali mafunso 8 otchedwa G8, amene anakonzedwa ku France kuti azipimira okalamba odwala khansa. Amafunsa za kadyedwe, kutsika kwa sikelo, kayendedwe, kuiwala ndi kukhumudwa, kulemera poyerekeza ndi kutalika, kuchuluka kwa mankhwala amene munthu amamwa patsiku, mmene mwiniwake akuonera thanzi lake, ndi zaka. Mapointi onse ndi 17, ndipo wopeza 14 kapena kucheperapo amafunika kuunikidwa mozama. Odwala khansa ya m'kamwa ambiri amagwa pa mayesowa chifukwa chowonda, ndiye kugwako sikutseka chitseko, kumangosonyeza pofunika kukonza. Inunso kunyumba mukudziwa zambiri zimene dokotala sangaone m'mphindi 10. Kodi bambo amadzuka pampando osagwira penapake? Agwapo m'miyezi 6 yapitayi? Amasamba ndi kuvala okha? Masana amakhala ali chilili kapena amathera pabedi? Amakumbukira kumwa mankhwala popanda wowakumbutsa? Kanenani zoona, musawakometsere pofuna kuti apatsidwe chithandizo champhamvu.

M'kalata yanu muli zinthu zitatu zimene zandiimitsa. Choyamba ndi khutu. Cisplatin amapha timaselo ta m'kati mwenimweni mwa khutu timene timamva mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Zimayamba ndi kulira kwa m'makutu ndi kulephera kumva mawu opyapyala, kenako munthu amavutika kutsatira zokambirana pagulu. Bambo anu atsala ndi khutu limodzi lodalirika. Munthu amene lilime likumuvuta kale kulankhula, akasiyanso kumva, amatsekeka kwa anthu ake onse. Kwa ine ichi chokha ndi chifukwa chokwanira chokaikira cisplatin. Makutu ayezedwe ndi makina chisankho chisanapangidwe.

Chachiwiri ndi impso, ndipo apa pali msampha umene umakola ngakhale ogwira ntchito zachipatala. Pepala la magazi limasonyeza creatinine, zonyansa za m'magazi zimene impso zimasefa, ndipo akakhala 1.0 mg/dL aliyense amati impso zili bwino. Koma creatinine amachokera m'minofu, ndiye munthu wokalamba wowonda amapanga wochepa, nambala n'kumaoneka yabwino impso zili zofooka. Mphamvu yeniyeni ya impso imawerengedwa pophatikiza creatinine, zaka ndi kulemera. Tiyerekeze kuti bambo akulemera makilogalamu 55. Pa zaka 76, ndi creatinine wa 1.0, impso zawo zikusefa mamililita pafupifupi 49 pa mphindi. Mwamuna wa zaka 40 wolemera makilogalamu 75, wa creatinine yemweyo, zake zikusefa oposa 100. Cisplatin amavulaza impso, ndipo madokotala ambiri samupereka nambalayi ikatsika pansi pa 50 kapena 60. Kafunseni nambala imeneyi ndithu. Poteteza impso, cisplatin amayenda ndi malita angapo a madzi a diripi, zimene mtima wofooka sungathe kupopa, madzi n'kudzaza m'mapapo. Mankhwala a BP nawonso aonedwenso. Ena, monga enalapril ndi aja okodzetsa, amasanduka adani a impso munthu akayamba kulephera kumwa madzi, ndipo munthu akawonda BP imatsika yokha moti mlingo wakale umayamba kumuchititsa chizungulire n'kumugwetsa.

Chachitatu ndi sikelo. Makilogalamu 6 m'miyezi itatu, kwa munthu wa thupi laling'ono, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Chithandizo chisanayambe n'komwe, nkhokwe ya thupi yachepa kale. Mwamwayi, pa zitatuzi ichi ndi chimene chingakonzeke.

Cisplatin wamphamvu uja akakanika, njira zina zilipo. Ina ndi kumupereka pang'onopang'ono sabata iliyonse, mamiligalamu 40 m'malo mwa 100. Kafukufuku wa ku Japan amene anatuluka mu 2022 anasonyeza kuti kwa odwala ochitidwa kale opaleshoni njirayi sichepa mphamvu, ndipo impso ndi makutu zimavulala mocheperapo. Ubwino wake wina ndi woti sabata iliyonse dokotala amayang'ana magazi n'kusankha kupitiriza kapena kuima. Koma akadali cisplatin yemweyo, ndiye kwa munthu wa impso zofooka kapena khutu limodzi vuto silinachoke. Ena amapereka kemo ina yotchedwa carboplatin, amene savuta impso ndi makutu kwambiri koma amatsitsa magazi.

Mudzamvanso za cetuximab, mankhwala amene sali m'gulu la kemo ndipo nthawi zambiri amatchulidwa ngati ofatsa, oyenera okalamba. Chenjerani ndi mawu amenewo. Kafukufuku amene anawatchukitsa, wa James Bonner ndi anzake mu 2006, sanaphatikizemo khansa ya m'kamwa, anali wa khansa ya kummero ndi ya pakholingo. Atawatsatira odwalawo zaka 5, phindu silinaoneke mwa a zaka 65 kupita m'tsogolo. Cetuximab amatulutsanso ziphuphu zambiri pakhungu ndi kukulitsa zilonda za m'kamwa. Umboni umene ukundikopa kwambiri ndi wa ku chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, India, dziko limene khansa ya m'kamwa ndi yochuluka zedi. Mu 2023 anafalitsa zotsatira za odwala 356 amene sakanatha kulandira cisplatin. Theka linangowotchedwa, theka lina linawonjezeredwa mankhwala ena a kemo otchedwa docetaxel pa mlingo wochepa sabata iliyonse. Patatha zaka ziwiri, amoyo anali pafupifupi 51 pa 100 mwa olandira docetaxel, ndi 42 pa 100 mwa ongowotchedwa. Mtengo wake unali zilonda za m'kamwa zochulukirapo ndi kuvutika kumeza. Ngati bambo apezeka olimba koma impso kapena makutu zikuletsa cisplatin, ili ndi dzina loti mulitchule kwa dokotala.

Ku Japan zipatala zina, monga ya Yokohama City University, zimachita mwanjira ina. Amalowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa kutsogolo kwa khutu, n'kukatsetsereza chobwerera mpaka pa mtsempha umene umadyetsa chotupacho, kuti mankhwala azithiridwa pa chotupa penipenipo thupi lonse n'kulandira ochepa. Anenapo zotsatira zabwino mwa okalamba amene sakanachitidwa opaleshoni. Komabe njirayi imafuna akatswiri ake, ndipo pamene madokotala a ku Netherlands anayerekezera cisplatin wa mu mtsempha wodyetsa chotupa ndi wa diripi wamba, mu 2010 anapeza kuti palibe kusiyana pa kuchira. Musade nkhawa ngati kumene muli kulibe.

Ndiye pali radiotherapy payokha. Anthu amaiona ngati chithandizo chotsalira, koma kwa okalamba ambiri ndi imene imawafikitsa kumapeto a masiku 35 osadukiza. Malinga ndi zimene mwafotokoza za bambo anu, dokotala akanena kuti angowotchedwa popanda kemo, musaganize kuti wawataya.

Njira iliyonse imene musankhe, masabata amenewa ndi owawa, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Sabata yoyamba ndi yachiwiri munthu amaoneka bwinobwino, mwina kungomva kuti chakudya chasiya kukoma. M'sabata yachitatu m'kamwa mumafiira. Pofika yachinayi ndi yachisanu mumatuluka zilonda zokutidwa ndi zoyera, malovu amasanduka okhuthala, onanda, ovuta kulavula, ndipo usiku amadzutsa munthu. Kumeza madzi enieniwo kumawawa. Khungu la m'khosi limada, kenako limasupuka. Kemo ikawonjezeredwa zonsezi zimabwera msanga ndipo zimakula. Chimene mabanja ambiri sayembekezera n'chakuti masiku oipitsitsa amabwera kuwotcha kutatha, m'sabata imodzi kapena ziwiri zotsatira. Kawirikawiri zilonda zimapola pakatha masabata 4 mpaka 6 chithereni kuwotcha.

Pa nthawi imeneyi wokalamba amagwa ndi zinthu zitatu: njala, kuchepa kwa madzi m'thupi, ndi kutsamwa. Kwa munthu amene wawonda kale ngati bambo anu, ine ndimalimbikitsa kuti nkhani ya kachubu kodyetsera ikambidwe tsopano. Kamatha kudzera m'mphuno kapena kuikidwa pamimba. Odwala ambiri amakakana poganiza kuti ndi chizindikiro cha imfa, pamene ntchito yake ndi kuwaolotsa masabata ovutawa, kenako kamachotsedwa. Kuika kachubu munthu atafooka kale m'sabata yachisanu ndi kovuta komanso koopsa. Ngakhale kalipo, azimezabe kanthu tsiku lililonse, olo timadzi pang'ono, chifukwa minofu yomezera ikakhala osagwira ntchito pamene ikuwotchedwa imauma, ndipo kuibwezeretsa n'kovuta. Muziwayeza sikelo kawiri pa sabata. Ikatsika kwambiri ngakhale chigoba chija chimakhwepa, cheza n'kuyamba kuphonya.

Kutsamwa kuyang'anitsitseni. Muwapatse madzi ali tsonga, muwaone akumeza, kenako muwalankhulitse. Akakhosomola, maso akalengeza misozi, kapena mawu akatuluka onyowa ngati muli madzi pakhosi, ndiye kuti zina zikulowera ku mapapo. Umu ndi mmene chibayo chimayambira, ndipo chimapha okalamba ambiri amene khansa yawo inali ikutha. Uzani achipatala tsiku lomwelo kuti katswiri wa kameza awaone.

Ululu usapiriridwe. Munthu amene m'kamwa mukuwawa sadya, ndipo wosadya samaliza chithandizo. Morphine wamadzi, womwa theka la ola asanadye, amathandiza kwambiri, ndipo kumwa morphine chifukwa cha zilonda zotere sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa. Amadzimbitsa, ndiye ayendere limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba. Ibuprofen ndi diclofenac asamwe popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa amawonjezera kuvulala kwa impso. Mankhwala azitsamba ndi ena ogula paokha aonetsedwe kaye kwa dokotala pa chifukwa chomwecho. M'kamwa azichukucha kangapo patsiku ndi madzi ofunda osungunuliramo mchere ndi soda pang'ono, apewe mankhwala ochukuchira okhala ndi mowa, ndipo mswachi ukhale wofewa. Fodya ndi mowa zilekeke lero. Kafukufuku wa mu 1993 anasonyeza kale kuti odwala amene amapitiriza kusuta pamene akuwotchedwa khansa yawo simva bwino ndipo sakhalitsa ngati amene asiya.

Ngati alandira kemo yamtundu uliwonse, thupi likatentha kufika madigiri 38 thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa asilikali a m'magazi amakhala atatsika ndipo matenda amafalikira m'maola ochepa. Okalamba ena satentha thupi n'komwe. Amangoyamba kusokonezeka, kulankhula zosagwirizana, kugona kwambiri kapena kusiya kukodza. Zimenezi zitengedwe mofanana ndi kutentha thupi.

Chithandizo chikatha, musafulumire kuweruza. Chotupa chimapitiriza kuphwa kwa masabata angapo, n'chifukwa chake sikani yoona zotsatira imachitika pakatha masabata pafupifupi 12. Kuuma m'kamwa kumatha kukhalitsa, ngakhale makina amakono a IMRT, olunjikitsa cheza motsatira maonekedwe a chotupa, amalambalala tiziwalo topanga malovu n'kuchepetsa vutoli. Nsagwada imatha kulimba, ndiye azizolowera kuyasamula mokwanira kangapo tsiku lililonse. Chithokomiro chimafooka mwa ena pakapita miyezi kapena zaka, ndipo kutopa kwake anthu amangokuyesa ukalamba pamene kuyeza magazi kukanaulula.

Mwina kuyeza kuja kudzasonyeza kuti bambo ndi ofooka kuposa mmene mukuganizira, moti ulendo wa tsiku ndi tsiku kwa masabata 7 sangauthe. Pamenepo abale anu amene akuopa kuwazunza adzakhala kuti anaona bwino, komabe sizitanthauza kungokhala. Khansa ya m'kamwa yosiyidwa imapweteka, imatuluka magazi, imanunkha ndipo imatseka njira ya chakudya. Pali radiotherapy yaifupi yochepetsa mavuto amenewa. Ina imaperekedwa kawiri patsiku kwa masiku awiri okha, n'kubwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi ngati yathandiza, mpaka katatu. Sichiritsa, koma imaphwetsa chotupa n'kuchepetsa ululu ndi magazi popanda zilonda zazikulu zija. Gulu la achipatala losamalira ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu liyambe kuwaona msanga, ngakhale mutasankha njira yochiritsa.

M'kalata yanu ndamva maganizo a abale, koma a bambo ndamva amodzi okha, oti sakufuna kudulidwa lilime. Afunseni zambiri. Mukhale mbali ya khutu limene limamva, pamalo opanda phokoso, muwafotokozere masabata 7 aja mmene alili, osachepetsa kapena kuopseza. Ena amati ndipirira chilichonse bola ndikhale ndi mwayi wochira. Ena amati chimene ndikufuna ndi kugona kunyumba kwanga ndi kumadya ndi pakamwa panga masiku amene atsala. Mayankho onsewa ndi a munthu wanzeru zake, ndipo amene adzagone pansi pa chigoba chija ndi iwowo. Akasankha kulandira kemo, gwirizanani ndi dokotala pasadakhale kuti idzaimitsidwa pakachitika chiyani, kaya ndi impso kutsika, makutu kuyamba kulira kapena kulephera kumwa, ndipo kuti ikaima kuwotcha kudzapitirira.

Zokambiranazi zisatenge nthawi yaitali. Khansa ya lilime imakula msanga, ndipo kuchedwa kuyamba chithandizo kupitirira miyezi iwiri chipezekereni matenda kumachepetsa mwayi wochira. Dokotala wa mano yekha akawaone sabata ino, ngakhale musanagwirizane zina zonse. Mano owola amene ali m'njira ya cheza ayenera kuzulidwa kuwotcha kusanayambe, chifukwa kuzula dzino pa nsagwada yowotchedwa kale kumatha kusiya bala losapola mpaka fupa kufa, ndipo nkhama zimafuna masabata pafupifupi awiri kuti zipole chigoba chisanapangidwe.